Mapepala m'nsapato za Tadala

Loweruka lapitali ndinakangana ndi thabwa, abale anga, ndipo ndinapambana. Musathamangire kundiombera m'manja.

Thabwalo lili pamalo ena osewerera ana kuno ku Nairobi, kuseri kwa masitolo akuluakulu aja amene enafe timapitako kukawerenga mitengo n'kubwerako chimanjamanja. Pamalopo pali timagalimoto togundana, pali akavalo apulasitiki ozungulira, ndiye pakati penipeni pali chingalawa chachitsulo chopachikidwa m'mwamba, chimene chimapita uku ndi uku ngati katungwe mpaka akuluakulu andevu atayamba kuitana amayi awo. Pakhomo pa chingalawacho anaimikapo thabwa, pathabwapo n'kujambulapo mzere wofiira. Mutu ukafika pamzere, kwera. Ukapanda kufika, akavalo ali uko.

Tsiku limenelo mwana wanga Tadala amakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chatha thabwa lomweli linamubweza, ndipo ine, pofuna kuti atonthole, ndinalonjeza pamaso pa anthu kuti tsiku lake lobadwa likadzafika adzakwera, zivute zitani. Ndimayesa aiwala. Mwana amaiwala kumene wasiya juzi ya kusukulu, koma lonjezo la bambo ake saiwala.

Chaka chonse wakhala akudya nyemba zimene sazikonda, kumwa mkaka atatsina mphuno, ndi kulendewera pachitseko cha kubafa kuti msana utalike. Chitseko chinaguluka mu Juni. Msana sunachite changu, poti mwanayu anatengera ine, ndipo banja lathu kwathu ku Ntcheu silidziwika ndi kuthyola mango popanda ndodo.

Mayi ake anatsala kunyumba ku South B ndi khanda. Ife awiri tinakakumana ndi a Nkhoma, mnzanga wokhala ku Roysambu, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi, amene anabwera ndi mwana wawo Chisomo. Chisomo ndi wamng'ono kwa Tadala ndi chaka chathunthu, koma anatengera kuchikazi kumene anthu ake amawerama polowa m'nyumba. Anadutsa pathabwapo osaima n'komwe.

Tadala anaima, anakoka mpweya, anatukula chibwano. Woyang'anira pakhomo anali mayi wina wa msinkhu wa azakhali anga, wovala ovololo yobiriwira, nkhope yake yosonyeza kuti nthabwala anazisiya kunyumba. Anaika chikhatho pamutu pa mwana, n'kupanikiza tsitsi pang'ono, n'kuyang'ana mzere. Panatsala zala ziwiri.

"Bado," anatero. Kuno akatero ndiye kuti nthawi sinakwane.

Zala ziwiri! Chaka chathunthu cha nyemba, chitseko cha eni nyumba chili pansi, ndiye munthu andiuze za zala ziwiri? Tadala anandiyang'ana. Chisomo anali atayamba kale kumukodola ali mkati mwa mpanda.

Ndinachita zimene Mmalawi aliyense woleredwa bwino amachita akakanizidwa chinthu. Ndinapereka moni wautali. Ndinafunsa za kunyumba. Ndinafotokoza kuti lero ndi tsiku lobadwa la mwanayu. Mayiyo anapepesa m'Chiswahili, "Pole. Bado." Ndinati tachokera kutali, ku Malawi, ngati kuti tinakwera basi ku Lilongwe Lachitatu n'cholinga chodzakwera katungwe. Mayiyo anati Malawi amaidziwa, ndi dziko labwino, koma bado.

Apa m'pamene ndinatulutsa chida chachikulu.

"Tadala, gwira khutu."

Achinyamata obadwira kuchipatala okhala ndi makadi mwina simukudziwa. Masiku athu, pokayamba sukulu, ahedi sankafunsa zaka, poti ndani ankazidziwa? Ankakuuza kuti udutsitse dzanja lamanja pamwamba pamutu n'kugwira khutu lakumanzere. Ukagwira, wakula, lowa m'kalasi. Ukalephera, bwerera ukasewere ndi mbuzi chaka china. Dziko lonse linkayenda bwinobwino ndi muyeso umenewu.

Tadala anadutsitsa dzanja n'kugwira khutu lonse, mpaka kulipinda. Ndinayang'ana mayi uja monyadira, ngati loya amene waponya umboni womaliza. Iye anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine.

"Mzee, khutu likumuwawa?" anafunsa. Kuno madala amati mzee.

Anthu amene anali pamzere kumbuyo kwathu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa khutu limeneli ndili nalo mbiri. Ine ahedi anandibweza kawiri kusukulu, dzanja likuthera pamutu apa, osafika pakhutu. Chaka chachitatu amalume anga anandiphunzitsa kupendeketsa mutu pang'ono ndi kukweza phewa. Ahedi anandiyang'ana, anayang'ana amalume, anayang'ananso nkhuku imene inamangidwa panjinga ya amalume, n'kunena kuti, "Wagwira." Phunziro langa loyamba kusukulu ndinaliphunzira ndisanalowe m'kalasi: muyeso uliwonse ndi poyambira kukambirana basi.

Khutu litakanika, ndinatulutsa khadi la kuntchito. Ndimagwira ntchito kubungwe lina limene limapita ku Kibera kukaphunzitsa makolo za chitetezo cha ana. Inde, mwawerenga bwino. Ndimaimirira kutsogolo ndi choko, makolo atakhala pamabenchi, ine n'kumawauza kuti mwana si mbuzi. Mayiyo anawerenga khadilo mbali zonse ziwiri n'kundibwezera.

"Ndiye mukudziwa kale," anatero.

A Nkhoma anaona kuti mbale wawo akumira. Anayandikira ndi mawu awo apaguwa aja, n'kuuza mayiyo kuti kwathu timati katungwe n'kukankhana, ndipo kunja kukuzizira chonchi munthu sangakane kachai, katiyi kakuno. Mayiyo anati chai anamwa kale m'mawa, ndipo tisunthe anthu ena adutse.

A Nkhoma anandikokera pambali, kuseri kwa kanyumba kogulitsira tchipisi.

"Achimwene, musavutike ndi Farao ameneyu. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemereni. Mayiyu sakhala pamenepa mpaka kubwera kwa Ambuye, apita kokadya. Muli ndi mapepala m'chikwamamo?"

Mapepala ndinali nawo, otsala pamaphunziro a Lachisanu. Tinavula Tadala nsapato. Mkulu wa mpingo anagwada pansi, buluku lake la Sabata lili m'fumbi, n'kumapinda mapepala kanayi kanayi mwaluso loonetsa kuti sikanali koyamba. Ine ndinamasula tsitsi la mwana limene mayi ake analimanga bwinobwino kumbuyo, n'kuliunjika pamwamba. Nsapato zinathina, zingwe sizinamangike bwino, koma mwana anatalika. Ntchito imene nyemba zinalephera chaka chonse, ife tinaimaliza tchipisi chisanazizire.

"Adadi, si kunama kumeneku?"

"Ayi mwanangu, n'kuthandizira."

Ola la chakudya litakwana, mayi wa ovololo anachoka, pakhomo n'kubwera bambo wina amene maso ake anali pafoni, akusewera kamasewero kaja ka njoka. Tadala anaima pathabwa. Bamboyo anakweza diso limodzi, n'kugwedeza mutu. Analowa. A Nkhoma anandigwira chanza ngati tapambana chisankho.

Tsopano inu amene mukupukusa mitu, tandiyankhani: ndani mwa inu sanapindepo mapepala?

Ndimakuonani pabwalo la ndege tikamachokera kutchuthi kwathu, zikwama zitatupa ndi ufa, usipa ndi mpunga wa ku Karonga. Sikelo ikanena zoona, mumati yawonongeka. Mumavala majekete atatu, nsapato zina m'matumba, n'kumauza mtsikana wapakauntala kuti mulibe kanthu umu, ndi tizovala ta ana. Usipa ukununkha mpaka kwa woyendetsa ndege.

Ndimakuonani m'minibasi. Mwana wa sitandade faifi amasanduka wa zaka zinayi kondakitala akangoyandikira, n'kukhala pamiyendo, mapazi akukhula pansi. Mwana yemweyo akafika pamene pakufunika wamkulu, amakula pompo. Ana athu amafupika ndi kutalika kangapo pa tsiku, ndiye tidabwe kuti akafika zaka makumi awiri sadziwa msinkhu wawo?

Nanga timu zija za mpira za achichepere, zimene osewera ake amabwera kudzaonereredwa ndi akazi awo ndi ana? Nanga akuluakulu aja a m'maofesi amene akayandikira kupuma pantchito, zaka zawo zimayamba kuyenda chobwerera?

Chaka chino boma la kuno lalamula kuti m'matatu, maminibasi akuno, aliyense azimanga lamba. Takhala tikumvera ndithu. Timayanika lambayo pamimba, osamukowetsa, kuti wapolisi akasuzumira pawindo aone chinthu chakuda chadutsa. Lamba ndi wa wapolisi, si wathu. Galimoto ikagubuduzika, tikuganiza kuti msewu nawonso udzangosuzumira pawindo?

Ndipo taonani mmene timawatchulira anthu. Wokana timati ndi wankhanza, wodzimva, wosaleredwa, kaya anakulira kuti. Woyang'ana kumbali timati ndi munthu wabwino, womvetsa zinthu, Mulungu amudalitse. Lole ya matola ikatenga anthu ochuluka kuposa matumba a chimanga, woyendetsa ndi wachifundo, sanasiye munthu panjira. Ikagwera mumtsinje timasonkhana, timaimba, wina n'kuimirira kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Ng'oma inaimba, abale. Inalembedwa pachitseko cha loleyo ndi penti yoyera, kunena kulemera kumene loleyo ingathe kunyamula, ndipo tonse tinaiwerenga tikukwera.

Sindikunena kuti mizere yonse ndi yanzeru. Ilipo yambiri imene anaijambula akalaliki n'cholinga choti tiziwagulira chai, ndipo tonse tinavutikapo nayo. Koma tazolowera kulumpha mizere yopusa mpaka mwendo umangonyamuka wokha tikaona mzere uliwonse.

Basi, ulaliki wakwana. Tibwerere kuchingalawa.

Ine sindinakwere. Wina ayenera kusunga zikwama, komanso mtima wanga sugwirizana ndi zinthu zopita m'mwamba. A Nkhoma nawo anakumbukira kuti ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Amuna awiri olimba mtima tinaima pansi, n'kutumiza ana athu.

Tadala ndi Chisomo, amene ankamudikira, anathamangira kumpando wakumapeto, kumene kumakwera kwambiri. Pambali pa Tadala panakhala mayi wina wathupi, wovala mpango wabuluu, amene sindimamudziwa. Chitsulo chimodzi chachitali chinatsika kutchinga onse a pampandowo. Chingalawa chinayamba pang'onopang'ono. Tadala ankaseka, akundikwezera dzanja, ine n'kumajambula zithunzi, mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti bambo ndi ameneyu, wosunga malonjezo.

Kenako chinayamba kukwera zenizeni. Chikafika pamwamba, anthu onse ankanyamuka pang'ono pampando, chitsulo n'kuwagwira pantchafu. Chisomo chinkamugwira. Mayi wa mpango chinkamugwira. Tadala ndinaona kuti akunyamuka kuposa anzake, ndipo pobwerera sakukhala pamene anali. Ulendo wotsatira chitsulo chinali pamimba pake. Wotsatirawo chinali pachifuwa, miyendo ili lendelende kutsogolo, akuterereka kulowa pansi pake. Kuseka kunali kutatha. Sankalira n'komwe, anangotsegula pakamwa, maso ali pa ine.

Nsapato imodzi inavuka. Inazungulira m'mwamba, mapepala n'kumwazika, kugwa pang'onopang'ono pamitu ya anthu. Limodzi linatera pafupi ndi phazi langa, lili ndi chithunzi cha mwana womwetulira ndi mawu amene ndinalemba ndekha onena kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wotetezedwa.

"Imitsani! Imitsani! Mwana wanga!"

Ndinakuwa m'Chichewa. Chingerezi chonse cha m'misonkhano chinathawa, Chiswahili cha pamsika chinathawa. Anthu ankangondiyang'ana, ena akuseka, poyesa kuti ndi bambo wamantha chabe. Bambo wa foni uja ankafunafuna kumene kukuchokera phokoso. A Nkhoma anali atatseka maso akupemphera, zimene zinali zothandiza kwambiri kwa iwo eni.

Ndinaona dzanja la mayi wa mpango likusiya chitsulo n'kugwira diresi la Tadala pakhosi. Anamukoka n'kumupanikiza m'khwapa mwake, iye mwini atagwira ndi dzanja limodzi. Nthawi yomweyo munthu wina anandidutsa akuthamanga, mbale ya chakudya ili m'manja. Anali Farao uja. Anakankha bambo wa foni, n'kumenya batani loimitsira chingalawa.

Chinthu chimenechi sichiima pompo ngati njinga. Chinapitanso kanayi, chikuchepetsa pang'onopang'ono. Sindinaopepo chonchi chibadwire, ngakhale tsiku limene Tadala ankabadwa. Ndinagwira mpanda, ndipo ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene sindingazilembe m'nyuzipepala.

Mayi wa mpango anatsika atamunyamula. Diresi la tsiku lobadwa linali litang'ambika pakhosi, pakhungu pali mikwingwirima ya zikhadabo. Ndinayamba kuthokoza m'zilankhulo zitatu nthawi imodzi. Mayiyo anandifunsa funso limodzi lokha, ngati mwanayu ndi wanga. Nditavomera, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, zimene kwa ine sizitenga nthawi, n'kuchoka.

Ndimayembekezera kuti mayi wa ovololo anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero. Iye anakatola nsapato ija, n'kugwada patsogolo pa Tadala. Anamuvula inayo, anakutumula mapepala, anamuveka zonse ziwiri n'kumanga zingwe bwinobwino. Atatero anandigwira mkono wa malaya ngati mwana wa sukulu, n'kupita nane pampando uja. Anatsitsa chitsulo, n'kulowetsa mkono wake wonse pampata wa pansi pake.

"Mzee, mzere uja sindinajambule ine. Chitsulo ichi chimagwira ntchafu. Mwana akachepa, palibe chimene chingagwire. Sichidziwa tsiku lobadwa."

Ndinakangana ndi mayiyu theka la ola. Ndinamuuza za Malawi, za khutu, za ntchito yanga, a Nkhoma anamuuza za chai. Funso limodzi lokha ndi limene sindinafunse: kodi mzerewu ndi wa chiyani? Ndinkauona ngati chipongwe chimene Akenya akonzera banja lathu lalifupi. Amati safunsa anadya phula, koma mwambiwo sunena kuti nthawi zina wosafunsayo amadyetsa phulalo mwana wake.

A Nkhoma anatsanzika msanga, ati kunali msonkhano wa akulu a mpingo. Pochoka anandinong'oneza kuti tithokoze Mulungu, ndipo nkhaniyi isafike kwa azimayi.

Tinakwera matatu ya ku South B. Nyimbo zinali pamwamba monga mwa masiku onse, koma Tadala sanagwedeze mutu ngati mmene amachitira. Anakhala atagwira pamene diresi linang'ambika. Ayisikilimu amene ndinamugulira pofuna kugula mtendere anasungunukira m'manja mwake. Ine ndinkakonza m'mutu zimene ndikanene kunyumba, ndipo ndikuvomera kuti ndinali nditapeza kale mabodza awiri abwino okhudza msomali wapampanda.

Tili pakati pa ulendo anandikoka malaya.

"Adadi."

"Ee, mama."

"Musakawauze amami."

Mtima unatsika pang'ono. Ndinati mwana uyu ndi wanzeru, akuteteza bambo ake. Ndinamufunsa chifukwa chake, ndikumwetulira.

"Akandikalipira. Ndine ndalakwitsa. Ndinayesetsa kudya nyemba koma sindinakule msanga." Misozi inayamba kutsika. "Pepani adadi, mwachita manyazi chifukwa cha ine."

Ndakhala m'misonkhano yambiri, ndayankha mafunso ovuta a azungu obwera ndi ndalama, koma palibe limene linandilasa ngati mawu amenewa. Mwana amene ndinatsala pang'ono kumuponya kuchokera m'mwamba ndi manja angawa anali kundipepesa chifukwa cha msinkhu umene ndinamupatsa ndine.

Ndinamuuza kuti sanalakwe, kuti wolakwa ndine, kuti mayi wa ovololo ananena zoona ndipo adadi ananama. Anandiyang'ana mokayika, poti m'mawa womwewo ndinali nditamuuza kuti si kunama, n'kuthandizira. Kunyumba ndinafotokoza zonse ndekha, ndisanakhale n'pansi pomwe. Zimene mayi a Tadala ananena ndi za m'banja, koma dziwani kuti oyandikana nafe tsopano akudziwa mawu angapo a Chichewa.

Inu makolo anzanga amene mawa mukagwade kuseri kwa kanyumba kena, pasukulu, kuchipatala, pa ofesi ya mapasipoti, n'kumapinda mapepala anu mwachikondi, sindikuletsani. Ndine ndani ine? Koma konzeranitu yankho. Tsiku limene mwana wanu adzakupepeseni chifukwa cha bodza lanu, mudzamuuza chiyani, ndipo adzakukhulupirirani chifukwa chiyani?